Mawu a Petson Atsekeredwa mu Kaseti

Mutu 6

1. Nsalu yoyera

Pa nyumba ya maliro anthu amachoka chakudya chikatha. Kwathu ku Railways, komboni ya ku Kabwe, zinateronso. Tenti anapasula, mabenchi a ku tchalitchi anabweza, tinatsala atatu: ine, mwana wanga Charity wa giredi 11, ndi Ba Dainess, mlongo wamkulu wa malemu mwamuna wanga Petson. Iwo anachokera ku Katete kudzakhala nafe mpaka tsiku logawa katundu.

Atangofika, Ba Dainess anatenga nsalu yoyera ya pabedi n'kuphimba shelefu ya pabalaza. Pansi pa nsaluyo panali zonse zimene Petson ankazikonda kuposa nyama: ampu yakale yasiliva yokuzira mawu, deki ya makaseti, masipika awiri, ndi mahedifoni akuda akuluakulu.

Anthu atatha kupita, anatiitana tonse awiri.

"Charity, khala pansi apo. Inunso amake Charity mumve. Katundu wa munthu womwalira sagwidwa mpaka abale atakhala pansi n'kugawa. Kaya ndi nsapato, kaya ndi lamba, kaya ndi wailesi. Munthu akangoikidwa, zinthu zake zimakhala zopanda mwini, ndipo amene wayamba kuzigwira amaoneka ngati ankadikira imfayo. Sindikunena za mizimu ine, ndine mayi wa Chigwirizano. Ndikunena za pakamwa pa anthu. Kwathu ndinaona ana a mimba imodzi osapatsana moni mpaka imvi, chifukwa cha njinga imene wina anakwera maliro asanathe. Sindifuna zimenezo pa dzina la mlongo wanga. Nyimbo m'nyumba muno ayi. Nsaluyi adzavundukula Eddie, ndiye mwamuna watsala. Zazitsulozi zidzapita kwa iye. Inu nyumba ndi yanu, palibe amene adzakuvutitsani."

Eddie ndi mng'ono wake wa Petson. Tinkamuyembekeza kumapeto kwa mwezi.

Charity anayang'ana nsalu ija. "Ba Anti, nanga kaseti ili mukati?"

"Ili m'katiyo ndi ya m'kati."

"Ni imodzi chabe."

"Wandimva."

Ndinali ndi madiresi a anthu osamaliza kusoka ku msika wa Kamushanga, ndipo mutu unali ukundiwawa.

2. Kaseti ija

Muyenera kudziwa za kasetiyo, apo ayi muganiza kuti mwana wanga ndi wopusa. Si wopusa. Ndi wamakani chabe.

Petson ankagwira ntchito ku wekishopu ya njanji, koma mtima wake unali ku kwaya ya tchalitchi. Ndiye ankaphunzitsa. Akapeka nyimbo, ankaijambula yekha pa kaseti, mawu onse: besi, tenala, alto, mpaka sopurano. Sopurano ankaimba ndi kamawu ka nkhuku yonyowa, ife kumagubuduka ndi kuseka kukhitchini. Nyimbo ikadziwika ku kwaya, ankajambula ina pamwamba pa yakale, pa kaseti yomweyo. Makaseti ena onse m'katoni anali ogula, a anthu ena.

Mudzati, nanga foni? Foni yake inali ya mabatani, ndipo ankakana kusintha. Mavidiyo a kwaya alipo ambiri m'mafoni a anthu. Onse amaonetsa msana wake ndi manja akukupiza. Mawu ake amamira mwa anzake.

Mahedifoni anagula chifukwa cha ine. Ndinamuuza kuti ndatopa kumva mzere umodzi kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Anabwera nawo akale a pa salaula, pa msika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, olemera ngati mpando wa njinga. Sipanapite nthawi, khungu la pa masiponji ake linayamba kuyoyoka. Lamulungu lina anaima kutsogolo kwa mpingo wonse ndi tizinyalala takuda m'makutu ndi pa kolala. Ndinachita manyazi ndine.

Ndinadula siponji ya matiresi akale, ndikuikuta ndi chitenje chotsala cha kasitomala. Anavala, n'kubweza.

"Amake Charity, yauma. Ikukanikiza miyendo ya magalasi m'mutu."

Ndinasokanso ndi siponji yofewa.

"Tsopano makutu akutuluka thukuta."

"Bambo, ku msika kasitomala wotere ndimamubwezera nsalu yake."

Ndinasokabe, ndi nsalu ya thonje yopyapyala ya maluwa achikasu, ndikusiya kampata ka magalasi. Chitsulo cha pamutu ndinachikulunga ndi ulusi wa juzi, chifukwa chinkamusiyira mzere pa dazi. Kuyambira pamenepo ankakhala nawo maola, maso otseka, chala chikumenya bondo. Munthu wamkulu, maluwa achikasu m'makutu.

Tsiku limene anadwala ankamvera nyimbo yatsopano ya masika. Malaiti anathima ali pakati. Deki imeneyo ikathimitsidwa ikuyenda, imagwira kaseti ndi mano, chitseko sichitseguka mpaka magetsi atabweranso. Anavula mahedifoni n'kunena kuti, "Tidzatulutsa akabwera." Masana omwewo anagwa pakhonde. Ndinazula mapulagi onse tikuthamangira ku chipatala. Kunyumba sanabwererenso.

Ndiye mawu a Petson, okha popanda a wina, anali malo amodzi pa dziko lonse: m'deki, pansi pa nsalu ya Ba Dainess.

3. Zimene ananena Ba January

M'mawa wina Charity akutsuka mbale anangoti, osandiyang'ana, "Mami, nayamba kuiwala mwamene ba dadi benze kukambira."

"Tsuka mbale, uchedwa ku sukulu."

"Nkhope niikumbuka. Mawu yathawa. Nikayesa, nimvera ya ba hedimasitala."

"Ndati tsuka."

Inenso ndinali nditayesa dzulo lake m'minibasi, osatheka.

Loweruka kunabwera Ba January, mkulu wa nyumba yoyandikana nafe amene anagwira ntchito ndi Petson mpaka kupuma. Ba Dainess anali kuseri akuchapa. Charity anawapatsa mpando pakhonde, n'kuwauza za kaseti mofulumira ngati akuba. Ndinamva ndili pa makina osokera.

Ba January anavula chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Mwana wanga, mvera bwino, chifukwa ndikuona m'maso mwako kuti waganiza kale. Malaiti a masiku ano si a kale. Amakhala kulibe tsiku lonse, ndiye akabwera amabwera ngati ng'ombe zotsegulidwa m'khola, zonse pa khomo limodzi. Railways yonse, Bwacha yonse, aliyense akuyatsa nthawi imodzi: sitovu, ayironi, pampu, makina owotcherera. Amatsika, amakwera, amathima pang'ono, n'kubweranso ndi ukali. Amene amapha zinthu ndi obweranso kachiwiriwo. N'chifukwa chake atate ako anagula gadi, kabokosi kaja ka pa khoma. Gadi imadikira. Kagetsi kake kakakhala kofiira, sikalola chilichonse kudutsa. Kakabiriwira, ndiye uyatse. Atate ako ankatha kuima pamenepo manja kumbuyo ngati akudikira sitima. Ankadziwa kuti ampu yotere ikapsa, zitsulo zake sungazipeze ngakhale ku Lusaka."

"Gadi ili ku firiji," anatero Charity.

Zinali zoona. Petson ali m'chipatala, gadi ya firiji inafa, ndiye ndinasamutsa yake. M'firijimo ndi mmene muli mafiriziti, timapaketi ta zakumwa zoundana, amene timagulitsa pa geti kwa ana a sukulu. Ekisitenshoni yake, yaitali ya mabowo olandira pulagi iliyonse, inapita ku tenti ya maliro kukayatsa mababu. Siinabwerenso. Pa maliro zinthu zimayenda zokha.

"Ndiye chachiwiri," anapitiriza Ba January. "Tsiku limene tidzayatse, chala choyamba chipite pa batani lotsegula. Tulutsa kaseti kaye, uike m'thumba. Kumvera udzamvera kwina kulikonse. Ine ndili nako kawailesi ka mabatire, kamasewera makaseti bwinobwino, udzajambulira pa foni mmene ufunira. Usamvere m'deki muja. Yakhala nthawi osayenda, ndipo malamba ake a mphira ndi okalamba ngati ine. Koma zonsezi tidzachita Eddie atalola. Ndidzamupempha ndekha. Ine ndi atate ako tinadyera mbale imodzi zaka zambiri, sangandikanize kaseti."

"Ba Dadi ang'ono sazavomera. Bazakweza vonse pa basi na kugulitsa ku Chipata."

"Iwe!" ndinakuwa ndili m'nyumba. "Pakamwa apo!"

Ba January anaseka pang'ono. "Musiyeni, amake Charity. Makani awa ndikuwadziwa kumene anachokera." Anavala chipewa. "Dikira, mwana wanga. Ndi zokhazo ndakupempha."

Charity anati, "Namvera." Anatero ndi pakamwa.

4. Malaiti abwera

Zotsatirazi sindinazione. Ndikuuzani mmene anandiuzira mwini wake.

Linali tsiku la Chigwirizano. Ba Dainess anavala yunifomu yawo n'kupita ku tchalitchi ku Bwacha. Ine ndinali ku msika. Charity anaweruka ku sukulu n'kupeza nyumba ili yokha, mafiriziti atasungunuka, malaiti kulibe kuyambira dzulo lake.

Anali asanavule ndi nsapato zomwe pamene ana a mu msewu anayamba kukuwa. "Yabwera! Malaiti yabwera!" Nyumba ndi nyumba anthu anathamangira ku masoketi.

Charity anathamangira ku khitchini. Gadi inali kuseri kwa firiji, kagetsi kake kofiira. Kuti aitenge, anafunika kukankha firiji yodzaza, kuzula, kupita nayo pabalaza, n'kudikiranso kuti ibiriwire. Anaikankha firijiyo kamodzi. Inangosuntha pang'ono. Anasuzumira pa windo kuona ngati duku loyera la Ba Dainess likuoneka pa kona.

Anaisiya gadi.

Anavundukula nsalu. Pulagi ya deki ya Petson ndi ya mano awiri ozungulira, soketi ya pa khoma ndi ya mabowo atatu. Popanda ekisitenshoni kapena adaputa siilowa. Koma mwana aliyense wa ku Kabwe amadziwa chochita. Anatenga chivindikiro cha bolopeni, n'kuchilowetsa m'bowo la pamwamba kuti a pansi atseguke, n'kukankhira pulagi ndi chikhatho. Inalowa mopendekera. Anachita chimodzimodzi ndi ya ampu pa soketi yachiwiri.

Asanayatse, analumikiza mahedifoni kuti masipika asalire, anthu oyandikana nafe angamve. Atavala, anatsetsereka mpaka m'masaya. Mutu wa Petson unali waukulu. Anayesa kuwafupikitsa, koma ulusi umene ndinakulunga unali utagwira chitsulo pa muyeso wa bambo ake. Anavula sokosi za sukulu, n'kuzipinda, n'kuziika pamutu pansi pa chitsulocho. Apo anakhala bwino.

Akuti nsalu ya maluwa ija inali ikununkhabe mafuta a m'mutu a Petson.

Anayatsa. Timagetsi ta ampu tinawala. Deki inati kwa, n'kumasula mano ake. Tsopano chitseko chikanatseguka. Chala chake chinali pa batani lotsegula, monga ananenera Ba January. Pambali pake penipeni pali batani loyendetsa.

Anadina loyendetsa.

Bambo ake anayambira pomwe anasiyira, pakati pa mzere, mawu a alto. Anaimba pang'ono, n'kutsokomola, n'kuseka okha. "Ayi, ndalakwa. Tiyambenso. Amayi a alto, musathamange apa, palibe akukupirikitsani." Kenako anakuwa chakumbali: "Charity! Chepetsa madzi pa mpopi, akulowa mu kaseti!" Ndipo chapatali kunamveka kamawu kake komwe, "Ee, dadi!"

Foni inali pa tebulo, pafupi ndi dzanja lake. Anali ataikonza kuti aigunditse pa hedifoni n'kujambula. Sanaikhudze.

Anabweza kaseti m'mbuyo kuti amvenso dzina lake. Anamva. Anabwezanso. Akuti ankangoti kamodzi chabe, kenako nditulutsa.

Babu la pabalaza linafiira ngati khala. Ku khitchini gadi inati tha, n'kudula firiji. M'makutu mwake mawu a bambo ake anayamba kulemera, kukokeka ngati a munthu wogona. Anatambasula dzanja. Babu linawala koopsa, m'ampu munaphulika kanthu, deki inalira ngati yatafuna mwala, ndipo zonse zinati zii.

Anazula mapulagi. Utsi unali utayamba kale kutuluka m'timabowo ta pamwamba.

5. Fungo

Ndinalimva ndili pa geti. Fungo la waya wopsa silisokonezeka ndi la nyemba.

Ndinamupeza atakhala pansi, miyendo yotambasula, mahedifoni ali m'mutu, sokosi zikulendewera pa chipumi. Chingwe chinali chikadali cholumikiza ku ampu yakufa.

"Vula zimenezo."

Sanamve, kapena anachita dala. Ndinamuvula ndekha. Makutu ake anali otentha.

"Gadi ili kuti?"

"Ku firiji."

"Ba January anati chiyani?"

Anatola sokosi zija n'kuyamba kuzipinda.

"Ndikufunsa iwe. Munthu wamkulu anakhala pakhonde apo, kuvula chipewa, kukufotokozera ngati akuphunzitsa mwana wa giredi wani. Anati chiyani?"

"Anati nidikire."

"China?"

"Nichotse kaseti poyamba."

"Ili kuti kaseti?"

Analoza ndi mutu. Ndinawerama n'kuyang'ana pa kagalasi ka deki. Kaseti inali momwemo. Riboni yake yabulauni inali itatuluka n'kudzikulunga pa kagudumu ka m'kati. Ndinadina batani lotsegula. Palibe. Mano anali atagwiranso, ndipo ulendo uno panalibe magetsi amene akanawamasula.

"Wajambula pa foni?"

Anapukusa mutu.

"Ngakhale pang'ono?"

"Ninaiwala, mami."

Ndinafuna kumumenya, sindinama. Ndinaika chikwama pansi n'kukhala pa mpando. Miyendo inali itatupa ndi makina a tsiku lonse.

"Anati chiyani?"

"Ba January?"

"Atate ako."

Anandiyang'ana. Kenako anandiuza zonse: kutsokomola, kuseka, amayi a alto, mpopi. Anayesa kutengera mawu ake, sanafike. Anayesanso, n'kulira.

Ndinanyamuka kukaona ngati firiji yapulumuka. Inali ikulira bwinobwino, gadi itabiriwira. Kenako ndinakuwira pa mpanda kuti Ba January abwere.

Analowa, n'kununkhiza. Anayang'ana chivindikiro cha bolopeni chimene chinali chikadali m'soketi. Anayang'ana Charity. Anaika manja kumbuyo, n'kuwerama pa kagalasi osakhudza.

"Ampu yapita. Deki yapita. Koma riboni ndikuona ngati siinaduke. Nditamasula zomangira za kumbuyo, ndingathe kukankha mano ndi dzanja n'kuivundukula pang'onopang'ono. Mwina itaya mawu pang'ono pomwe yapindika. Mwina."

Charity anadzuka. "Tiyeni manje, Ba January. Nipita kutenga sikuludiraiva."

"Ayi."

"Chonde!"

"Ndati ayi. Iwe wagwira ngati mwana. Ine ndikagwira, ndi mbala yaikulu imene yamasula katundu wa mnzake asanagawe. Eddie akandiuza ndi pakamwa pake, ndimasula. Koma mudziwe ichi nonse awiri. Chinthuchi chikakwera basi mmene chililimu, mabampu a msewu wa ku Katete adula riboniyo. Kapena wina kumeneko adzatsegula chitseko ndi mpeni. Ikatero, yatha."

Anatuluka osatsanzika.

6. Njira ziwiri

Charity anatsegula mawindo onse. Anakupiza utsi ndi katoni. Anachotsa chivindikiro cha bolopeni, n'kukulunga zingwe mmene zinalili, n'kubwezera mahedifoni pamwamba pa deki. Kenako anatenga nsalu yoyera ija, n'kuphimba, n'kuyamba kuwongola makona mmene anawongolera Ba Dainess.

Ndinamusiya amalize.

"Waphimba bwino," ndinatero. "Palibe angadziwe. Tsopano khala pansi, ndikuuze kamodzi, chifukwa ndatopa ndipo sindibwereza.

"Ukhoza kusiya chonchi. Fungo lituluka. Atate ako aang'ono adzabwera, adzavundukula, adzaona zonse zili m'malo. Malaiti kudzakhala kulibe monga mwa masiku onse, ndiye sadzayesa. Adzakweza pa basi. Akadzafika kwawo n'kupeza sizikuyaka, adzati zinafa kale, kapena zafera m'njira. Iwe palibe adzakuloza chala. Ba Anti ako adzapita akunena kuti Charity ndi mwana womvera. Ndipo kaseti ija idzathera pa dzala ku Katete, mbuzi zikununkhiza.

"Kapena unene. Ukanena, udzakalipidwa pamaso pa abale onse. Adzati mwana wa Petson sanadikire. Adzati amake sanamulere. Zimenezo ndidzazimva ine, ndipo ndidzazimva zaka. Atate ako aang'ono akhoza kukwiya n'kukana ndithu kuti Ba January amasule. Sindikukulonjeza kanthu. Koma njira yoti kaseti ituluke ndi yomweyo, palibe ina.

"Ine bodza sindinena m'malo mwako, ndipo zoonanso sindinena m'malo mwako. Wayatsa wekha. Usandiyang'ane choncho. Ndili ndi ndiwo zoti ndiphike."

Ndinapita ku khitchini n'kuyamba kudula repu. Pabalaza ndinkamva mpando ukulira Charity akasuntha, basi.

Ndisanamalize kudula, galimoto inaima pa geti. Ndinasuzumira. Ba Dainess anatsika ndi yunifomu yawo, chikwama m'khwapa. Kumbuyo kwawo kunatsika mwamuna wamtali ndi chikwama cha ulendo ndi matumba opanda kanthu opindapinda, aja onyamulira katundu.

Eddie. Anali atapeza lole ya mnzake yopita ku Kapiri kudzera kuno ku Kabwe, n'kuona kuti kudikira mwezi kuthe n'kutaya mwayi. Anakumana ndi mlongo wake ku tchalitchi.

"Odi kuno! Mulamu, muliko?" anakuwa ali pa geti, kenako n'kuseka ndi dalaivala.

Mpeni unandigwa m'manja. Ndinali nditaiwala. Eddie ndi Petson sankafanana nkhope, koma kukhosi anali munthu mmodzi. Kuseka komweko, kokwera kumapeto.

Charity anafika pa khomo la khitchini, maso ali pamtunda. "Mami."

"Si iwo. Ndi atate ako aang'ono."

Anaima akumvetsera. Panja Eddie ankalankhulabe, akufunsa ngati mvula yayamba kuno, akudandaula za fumbi. Mwana wanga anatseka maso ngati mmene ankachitira bambo ake.

Kenako anatembenuka. Ndinamva nsalu ikukokedwa pa shelefu, yonse, mpaka kugwa pansi.

Anatuluka pa khomo la kutsogolo wopanda sokosi, mahedifoni ali m'manja onse awiri, chingwe chikukwekwereka m'fumbi. Ba Dainess atangoona maluwa achikasu aja anaima chilili, dzanja pakamwa. Ba January anali pa mpanda wawo. Ana ogula mafiriziti anasiya phokoso.

Charity anagwada pakati pa bwalo, patsogolo pa nsapato za Eddie.

"Ba Dadi ang'ono, musanangene mu nyumba, nili na mawu."

Eddie anasiya kuseka. Anaika chikwama pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana mahedifoni, n'kuyang'ana mawindo otsegula, n'kukweza mphuno.

"Dainess," anatero, osachotsa maso pa mwanayo, "unandiuza kuti palibe chagwidwa."